Funsani Amalume: ndege ikachedwa, wolipira ndani?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kuchigwa, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anayi mwa iwo akulira nkhani imodzi, ya ndege. Sindikudabwa, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ana athu ali ku Joni, ena ku UK, nde makolo amene moyo wawo wonse ankangodziwa bwato la pa Shire ndi minibasi ya ku Limbe lero akupezeka pa mzere wa pasipoti pa Chileka. Mayina a makampani a ndege ndawachotsa monga mwa nthawi zonse, kuno sitiyalutsana, ndipo makalata ena ndawadulako pang'ono chifukwa ena mwa inu mukayamba kulemba mumayambira tsiku lomwe munabadwa.

Amalume, ine ndine mayi wa ku Ngabu. Mwana wanga amagwira ntchito ku Johannesburg nde anandigulira tikiti yopita ndi yobwerera kuti ndikaone mdzukulu wobadwa kumene. Ndege imanyamuka pa Chileka masana, ine ndinadzuka kusanache, cha m'ma 6 ndili kale mu minibasi ndikuti nthawi ilipo yambiri. Koma minibasi ija amalume, pa Nchalo tinaima ola lathunthu kudikira kuti idzadze, pa Dyeratu chimodzimodzi, pa Thabwa apolisi, kenako tikukwera phiri injini inayamba kuwira tonse tinatsika nkumadikira kondakitala akasake madzi. Ndikufika pa Chileka ndege ndikuiona ndi maso angawa ili chiimire koma akuti kauntala tatseka mayi. Ndinalira ngati mwana. Chondiwawa kwambiri nchakuti mwana wanga anandigulira tikiti ina yongopita, ndinapita bwinobwino, koma tsiku lobwerera akundiuza kuti tikiti yoyamba ija yonse inafa, ndi mbali yobwerera yomwe. Chilungamo chili pati apa? Nanga iwowo akachedwa amawalanga ndani?

Mayi, pepani kwambiri, kalata yanu ndawerenga mpaka ndamva kutentha kwa pa phiri paja. Koma sindikunamizani, apa mulibe pogwira. Kauntala ya ndege zopita kunja imatsekedwa kukatsala ola limodzi kapena kuyandikira pamenepo kuti ndege inyamuke, ndipo si nkhanza za mtsikana wa pa kauntala ayi, nthawi imeneyo mndandanda wa okwera umakhala watsekedwa, katundu wayezedwa, oyendetsa awerengera kale kulemera kwa ndege yonse ndi mafuta ake. Ndege si minibasi yoti kondakitala angomenya chitseko kuti ima ima pali mayi akuthamanga.

Za mbali yobwerera ija, matikiti ambiri ali ndi lamulo lakuti zigawo za ulendo zigwiritsidwe ntchito motsatana, ukaphonya chigawo choyamba osawauza kanthu kompyuta imafufuta yokha zotsala zonse. Zinalembedwa ndithu, mu timalemba ting'onoting'ono tija tomwe palibe amatiwerenga, inenso ndinazidziwa nditapsa kale. Chomwe chikanakupulumutsani ndi foni basi. Pomwe injini imawira paja, mukanaimbira mwana wanu kuti aimbire kampani kapena ejenti asinthe tsiku ndege isananyamuke, mukanalipira chindapusa cha kusintha inde, koma tikiti yonse ikanakhala moyo. Ndege ikangonyamuka dzina lanu lili pa mndandanda inu mulibe, nkhani imasanduka ina.

Kanthu kamodzi kalipo koti mwana wanu ayese. Pa mtengo wa tikiti pamakhala gawo la misonkho ya pa bwalo la ndege yomwe imayenera kulipidwa munthu akakweradi, nde alembe kalata kupempha misonkho ya zigawo zomwe simunakwere. Nthawi zambiri amabweza ngakhale tikitiyo ikhale ya mtundu wosabweza ndalama, kungoti ena amadulapo kawo ka ntchito, musayembekezere zambiri.

Ndipo kwa nonse a kuchigwa ndinene pano kamodzi, chiopsezo chachikulu pa ulendo wanu wa pandege si ndege, ndi M1. Kuchoka pa boma la Nsanje kufika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, msewu wake ndi womwewo umodzi, Bangula, Ngabu, Nchalo, mlatho wa Kamuzu, Thabwa, phiri, ndipo mukukumbukira nokha mmene namondwe Ana anaudulira msewu umenewu ku Chikwawa mu January 2022, Freddy naye mu March 2023 anachita zake. Palibe kampani ya ndege yomwe idzakulipireni chifukwa mtsinje wa Mwanza wasefukira. Kagoneni ku Blantyre dzulo lake, kaya kwa achibale ku Chirimba kaya ku Lunzu kaya ku resiti hausi, ndipo ngati ndi dzinja onjezerani tsiku lina. A ku East Bank inu sindinena nkomwe, mukudziwa kale.

Funso lanu lomaliza lija, loti iwowo amawalanga ndani, yankho lake lili mu kalata yotsatirayi.

Amalume, ndine namwino, kwathu ndi pa Nchalo koma ndimagwira ntchito ku England. Mwezi wathawu ndinabwera ku ukwati wa mng'ono wanga. Tikiti ndinagula imodzi, London mpaka Blantyre, kusinthira ndege panjira. Ku London tinakwera bwinobwino koma tinakhala mu ndege maola atatu osanyamuka akuti akukonza kachipangizo kena, tikufika posinthira paja ndege ya ku Malawi yapita kalekale. Anatipatsa hotela ndi chakudya, pamenepo sindinganame, koma pa Chileka ndinafika mawa lake, tsiku lathunthu litapita, chinkhoswe ndinaonera pa WhatsApp ine mkulu wake. Pobwerera nakonso ndinafika ku London mochedwa ndi maola asanu, sitima yomwe ndinalipira kale inandisiya. Mnzanga wa kuntchito akuti ndikhoza kulandira ndalama pa maulendo onse awiri. Zoona zimenezi kapena ndi nkhani za pa tiyi?

Achemwali, mnzanuyo sananame koma wakuuzani theka. Maulendo anu awiriwa ngakhale ali pa tikiti imodzi, kampani imodzi, mwina mpando womwewo, pa lamulo ndi nyama ziwiri zosiyana, ndipo chomwe chikuwasiyanitsa ndi komwe ndege inanyamukira.

Mu 2004 mayiko a EU anakhazikitsa lamulo la nambala 261 loteteza okwera ndege, ndipo UK itatuluka mu EU inalisunga lamulolo nkungosintha ndalama zake kukhala mapaundi. Lamuloli limagwira ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la ku UK kapena la ku EU, kaya kampaniyo ndi ya ku Africa kaya ya ku Arabia zilibe kanthu. Ukafika komwe ukupita mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, uyenera kulandira chipukuta misozi, ndipo kuchuluka kwake kumatengera kutalika kwa ulendo osati mtengo wa tikiti. Pa ulendo woposa makilomita 3,500, ndipo London mpaka Blantyre ndi kuposa kawiri pamenepo, ndi mapaundi 520 ngati wachedwa maola anayi kapena kuposa, mapaundi 260 ngati ndi pakati pa maola atatu ndi anayi. Wonyamukira ku Paris kapena Amsterdam ndi mayuro 600. Mapaundi 520 pa reti ya ku banki yeniyeniyi amadutsa K1 miliyoni, nde si ndalama yoti munthu angoti aaa basi Mulungu akudziwa.

Kampani ikhoza kukuyankhani kuti ife ku London tinangochedwa pang'ono, zinazo zinachitikira kunja kwa UK, lamulo lanulo silifika kumeneko. Musagonje. Makhoti anaweruza kale nkhani yotereyi, la apilo ku England mu 2017 ndipo la EU mu 2018, kuti ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi chowerengedwa ndi nthawi yomwe wafikira kumapeto kwenikweni kwa ulendo, kwa inu ndi pa Chileka. Apa mpomwe tikiti imodzi imaposera matikiti awiri ogula padera. Ena amagula London mpaka Johannesburg payokha, kenako Johannesburg mpaka Blantyre payokha poti zatchipako, koma yoyamba ikachedwa yachiwiri ija imakuona ngati munthu amene sanabwere basi, ngati mayi a ku Ngabu aja, hotela yako, tikiti yatsopano yako.

Pothawira pawo pena ndi pa mawu akuti zinthu zomwe sakanatha kuziletsa. Mphepo yamkuntho, chifunga, bwalo kutsekedwa, oyang'anira mlengalenga kunyanyala ntchito, ngakhale mbalame kulowa mu injini, pa zimenezi salipira chipukuta misozi. Koma kachipangizo kuwonongeka, makhoti akhala akunena kuyambira 2008 kuti kukonza ndege ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani, sichifukwa chothawira. Nde ngati munamva ndi makutu anu oyendetsa akulengeza kuti akukonza chinachake, lembani zimenezo mu kalata yanu, ndi nthawi yake ngati mukuikumbukira.

Hotela ndi chakudya chija musachione ngati anakukomerani mtima. Ndi udindo wawo pa lamulo lomwelo, ngakhale kuchedwako kukhale kwa mvula, ndipo sikuchotsera kalikonse pa mapaundi 520 aja. Akakupatsani vocha yoti mudzagulire tikiti ina muli ndi ufulu wokana nkunena kuti ndikufuna ndalama. Akakulemberani kalata yokoma yodzaza ndi kupepesa, paja pepani sapoletsa chilonda, ayankheni mwaulemu kuti ndalandira, nanga ndalama. Lemberani kampani yomwe inayendetsa ndegeyo, osati ejenti amene anakugulitsani tikiti, ikanimo nambala ya ndege, tsiku, nambala ya buking'i ndi chithunzi cha boarding pass. Akakana kapena akangokhala chete masabata asanu ndi atatu, dandaulo limapita ku bungwe loweruza madandaulo lomwe kampaniyo inalembetsako kapena ku Civil Aviation Authority ya ku UK, ndipo ku England muli ndi zaka 6 zotengera nkhaniyi kukhoti. Makampani aja a pa intaneti oti tikutolererani ndalama zanu amagwiradi ntchito, koma amadulapo gawo lalikulu, ena limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa, pa kalata yomwe inu namwino wophunzira mutha kulemba nokha pa nthawi ya buleki.

Tsono ulendo wobwerera. Ndege yopita ku UK kuchokera kunja imagwidwa ndi lamuloli pokhapokha ngati yoyendetsa ndi kampani ya ku UK kapena ya ku EU, monga British Airways kapena Virgin Atlantic kuchokera ku Johannesburg. Mukakhala kuti munakwera kampani ya kuno ku Africa, mapaundi 520 palibe, maola asanu anu aja apita. Chotsala ndi pangano la Montreal la 1999, lomwe likukukhudzani poti tikiti yanu inayambira ndi kuthera ku UK. Ilo silipereka ndalama chifukwa choti mwakwiya kapena mwatopa, limabweza zomwe mwatayadi ndipo muonetse umboni, monga tikiti ya sitima ija ndi ina yomwe munagula m'malo mwake. Malire ake kuyambira December 2024 ndi 6,303 SDR, ndalama yowerengera ya IMF, yomwe ndi madola opitirira 8,000, koma amenewo ndi malire chabe, inu mudzalandira za sitima basi, ndipo kampani ikaonetsa kuti inachita zonse zotheka kupewa kuchedwako ikhoza osalipira. Tumizanibe malisitiwo, simutayapo kanthu.

Kandemanga kanga ngati amalume, osati ngati wa malamulo. Palibe ndege yochoka ku Ulaya kudzatera pa Chileka kapena pa Kamuzu mwachindunji, tonse timasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ndege zobwera kuno si zambiri pa tsiku, ukaphonya imodzi kawirikawiri ndi mawa. Munthu wobwera ku chinkhoswe asamafike tsiku la chinkhoswe.

Amalume ine ndi mnyamata wa kwa Makhanga ndimagwira ntchito ku Joni. Pa Khrisimasi ndinati chaka chino basi ayi, ndikwere ndege anthu aone kkkk. Ndafika pa Chileka chikwama changa chachikulu palibe, momwe munali zovala za ana, nsapato za madala ndi foni ziwiri. Galimoto yomwe tinachita hayala imadikira panja, dalaivala akuti kukuda, nde ndinangouza bambo wina wa yunifolomu nkumapita. Chikwama chinafika patapita masiku asanu, ndinachita kukwera ndekha kukachitenga, chili chong'ambika ndipo foni imodzi mulibe. Pano padutsa miyezi iwiri. Ndingatani?

Achimwene, anthu anaona ndithu kuti mwakwera ndege, koma inu munaphonya pepala limodzi lofunika kuposa onse. Chikwama chikasowa, musanatuluke pa khomo la kasitomu pamakhala desiki ya katundu wosowa, pamenepo amalemba fomu yotchedwa PIR nkukupatsani nambala, ndipo amafuna kastika kaja amamata kuseri kwa boarding pass kapena pa pasipoti. Kuuza bambo wa yunifolomu pakamwa nchimodzimodzi kuuza mphepo ya Mwera.

Poti tikiti yanu inayambira ku South Africa nkukathera komweko, pangano la Montreal lija likukukhudzani, ndipo lili ndi masiku ake owuma. Chikwama chowonongeka, dandaulo lolemba pasanathe masiku 7 chilandirireni. Chikwama chochedwa, masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwachilandira. Chikapanda kupezeka masiku 21 chimawerengedwa kuti chatayika ndipo malire a chipukuta misozi ndi 1,519 SDR pa munthu mmodzi, madola pafupifupi 2,000, osati pa chikwama chilichonse ayi. Miyezi iwiri nde masiku onsewa adutsa, sindikubisirani, pa lamulo mwafooka kwambiri. Lembanibe, muikemo chithunzi cha chikwama chong'ambikacho, kastika kaja ngati mukadali nako ndi ndalama zomwe munawononga pa thiransipoti kuchoka kwa Makhanga kukachitenga, makampani ena amaperekako kenakake pofuna kusunga kasitomala. Za foni musayembekezere, pafupifupi kampani iliyonse inalemba kuti foni, ndalama, mankhwala ndi mapepala ofunika zizikhala mu kachikwama ka m'manja.

Amalume, ndine mayi wa bizinesi pa Bangula. Ndinapita ku Joni kukaoda katundu, tikiti yobwerera ejenti anandiikira tsiku la 30 lenileni, lomaliza pa masiku omwe amatilola kukhala kumeneko. Ndafika pa OR Tambo akuti ndege yalephereka, mubwere mkuja, akuti uthenga tinatumiza koma ine sindinaone kalikonse. Tsiku lonyamuka a imigireshoni andidinda kuti ndapyola masiku, ndisaponde South Africa chaka chathunthu. Bizinesi yanga yaima. Cholakwa changa nchiyani?

Mayi, iyi nde yandiwawa kuposa zonse chifukwa yanu ndi nkhani ya nsima ya ana. Amalawi timalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo kuyambira 2014 anasiya zolipiritsa faindi, ukapyola ngakhale tsiku limodzi amakulemba kuti ndiwe wosafunika m'dzikomo, miyezi 12 ngati wapyola masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa apo. Wa pa desiki ya imigireshoni amangoona deti ya pa chidindo, za ndege yanu si zake.

Koma chiletsochi chimatheka kuchotsedwa. Pemphani kampani ya ndege ikulembereni kalata yotsimikiza kuti ndege ya tsiku lakutilakuti inalephereka ndipo anakusamutsirani tsiku lina ndi iwowo, kalata imeneyi amapereka ukaipempha. Kenako mulembe apilo ku Home Affairs ya ku South Africa, muphatikizepo pepala lomwe anakupatsani pa bwalo la ndege lija, fotokope ya tsamba la pasipoti lomwe lili ndi chithunzi chanu ndi masamba a zidindo, tikiti yoyamba yoonetsa kuti munakonza zotuluka nthawi isanathe, ndi kalata ya kampani ija. Zimatenga nthawi, koma nkhani yanu ndi yomveka, musapite kwa madobadoba oti tikufufutirani mu kompyuta.

Uthenga womwe simunaulandirewo ndikukayikira kuti unapita kwa ejenti. Ma ejenti ambiri polemba buking'i amaika nambala ndi imelo yawo, nde kampani ikasintha nthawi imauza iwowo, iwo ali kotanganidwa ndi makasitomala ena. Pogula tikiti muziima pomwepo mpaka aike nambala yanu, ya kuno ndi ya ku Joni yomwe. Ngati zipezeke kuti ejentiyo analandiradi uthenga nkuukhalira, ndipo akukana kukuthandizani pa zomwe munawononga masiku awiri aja, dandaulo lake mutha kukalisiya ku Competition and Fair Trading Commission, amalandira madandaulo a ogula.

Ndipo tsiku la 30 lija musadzalolenso. Ku Johannesburg miyezi ya dzinja mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo nkusokoneza ndege, kuno kwathu June ndi July chiperoni chimaphimba Blantyre, komanso makampani ang'onoang'ono amakhala ndi ndege zochepa zomwe zimazungulira mizinda ingapo tsiku limodzi, imodzi ikadwala ndondomeko yonse yagwa. Muziika tsiku la 26 kapena 27, katundu mukhala mutaoda kale. Pakadali pano tumani mnzanu wodalirika azikakuoderani, ndipo apilo ikayankhidwa mundilembere ndidziwe kuti yatenga masabata angati, alipo ena awiri a ku Marka andifunsa zomwezi.